Chitsulo m'Mwendo wa Pitala

Pitala anathyoka mwendo padoko la Liwonde m'chaka cha 1951, nyengo yotentha, mitengo ya mango itangoyamba kuonetsa timango.

Iye anali msodzi wa kunyanja ya Chiuta, mkamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanjayo, kumene anakwatira Sabina ndi kubereka naye mwana mmodzi wamkazi, Ida. Bwato limene ankaphera nsomba linali la mlamu wake Lyford, mchimwene wa Sabina. Awiriwo ntchito inkawayendera: Lyford ankadziwa kumene milamba imabisala m'mabango, Pitala ankadziwa kumene imagulidwa bwino. Chaka chimenecho ogulitsa nsomba anachuluka pa Nselema ngati nyerere pa fupa, ndiye Pitala anati akayese ku Balaka, kumene kunali sitima ndi anthu olandira malipiro a pamwezi. Anamanga dengu la milamba yowamba panjinga, nalawira mkazi wake kuti abwera Loweruka.

Masiku amenewo pa Liwonde panalibe mlatho. Anthu, njinga ndi magalimoto zinkaoloka Shire pa chombo chafulati chokokedwa ndi chingwe. Pitala anaima kutsogolo, atatsamiritsa njinga kumpanda wa chombocho, ndipo kumbuyo kwake kunali lole yodzaza matumba a chimanga. Chombo chitagunda gombe la tsidya, mwala umene anatsekera tayala unaterereka, lole n'kusuntha pang'ono chabe, ngati ng'ombe yofuna kununkhiza munthu. Kusuntha pang'onoko kunakwanira. Chitsulo cha kutsogolo kwa lole chinamupanikizira mwendo wamanzere kumpanda, mmunsi mwa bondo mwenimweni. Anamva kuti phwa, ngati nkhali yagwa. Ali chigonere anaona milamba yake ili mbwee pamatabwa, anthu akuiponda pothamangira kudzamunyamula.

Dalaivala wa loleyo anapempha kuti chombo chibwerere. Anamugoneka Pitala pamwamba pa matumba a chimanga, ulendo wa kuchipatala cha boma ku Zomba.

Mmawa mwake anamujambula mwendo ndi makina oona mafupa. Kenaka kubedi kwake kunabwera anthu awiri: dokotala wachizungu wamtali, amene anthu ankati anaphunzira kulumikiza mafupa kunkhondo, ndi dresala wake womuthandiza kumanga mabala, bambo wodekha dzina lake Wadson. Dokotala anakweza chithunzi chakuda chija kuwindo nayamba kulankhula Chingerezi, Wadson akumasulira.

"Achimwene, ili ndi fupa la msongolo," anatero Wadson akuloza. "Pamwamba pakepa ndi pamene bondo limakhazikika, monga mphika ukhalira pa mafuwa. Tsono panu paphwanyika, fuwa limodzi latitimira. Tikangokuikani chikhakha, fupa lidzagwirana ndithu, koma mokhota. Bondo lidzapendama, ndipo katundu simudzanyamulanso."

"Nanga akuti atani?"

"Akuti ang'ambe pambali apa, atukule fupa lotitimiralo, alibwezere pamalo pake. Akatero aike kachitsulo kopyapyala m'mbali mwake, akamange ndi misomali yopota, monga achitira kalipentala ndi mwendo wa tebulo."

Pitala anayang'ana chithunzicho. Sanakhulupirire kuti timizere toyerato ndi iyeyo.

"Chitsulocho adzachichotsa liti?"

"Mwina chidzakhala momwemo. Koma sangakukakamizeni. Muli ndi wachibale pano woti tikambirane naye?"

Kwawo nkhani yotere siikanagamulidwa ndi munthu mmodzi. Akanaitana amalume, akanaitana alamu, anthu akanakhala pansi n'kuitembenuza uku ndi uku mpaka itapsa. Koma makolo a Pitala, amene anachokera kwa Apwitikizi kuthawa chibalo, anali atamwalira kale. Mlongo wake yekhayo, Martina, anali kutali ku Utale, ndipo ku Chiuta palibe ankadziwa kumene iye ali. Anaponya maso m'wodi monse. Pafupifupi bedi lililonse linali ndi munthu wokhala pansi pambali pake, wina akupepesera wodwala, wina akumusendera nthochi.

"Iyayi," anayankha. "Ndilibe."

Anamupatsa tsiku limenelo kuti aganize. Pabedi loyandikana nalo panagona nkhalamba ina ya Chiyao, Che Sidik, amene kale anali msilikali ndipo ankadwala chilonda chosapola kuphazi. Nkhalambayo inali itamva zonse.

"Mukuopa zimene amanena anthu, zoti akakugoneka amakupopa magazi?" anafunsa Che Sidik.

"Ndikuopa zonse, bambo."

"Zopopa magazizo ine sindinazione. Zoika zitsulo ndinaziona kunkhondo. Ena anayenda bwinobwino, ena mwendo unaola n'kudulidwa. Sindikunamizani. Mwendo ndi wanu, amwene."

Pitala anaganiza za dengu la nsomba, za kukankha bwato m'matope, za Ida amene ankakonda kumukwera pamapewa. Wadson atadutsanso madzulo, anamuitana namuuza kuti avomera.

Anamulowetsa m'chipinda chowala chimene ankachitcha fiyeta. Sisitala anamuphimba mphuno ndi kansalu konunkha moŵaŵa, namuuza kuti apume kwambiri. Iye anafuna kutchula dzina la munthu, koma asanasankhe lakuti atchule, zonse zinazima. Anatsitsimuka dzuwa litapendeka, akusanza, kukhosi kuli gwa. Chinthu choyamba anatukula mutu kuyang'ana kumapazi. Zala zonse zinalipo, zikusuzumira kunsi kwa mabandeji. Anayesa kugwedeza chachikulu, chinagwedezeka. Analira mwakachetechete, nkhope atalozetsa kukhoma.

Masabata oyamba anali oŵaŵa. Bala linatupa, thupi linatentha, ndipo Wadson ankabwera ndi jakisoni mmawa ndi madzulo mpaka matako anachita zibuma. Dokotala ankafika, kununkhiza bala, kulitobwanya m'mbali, osanena kanthu. Tsiku lina anamwetulira nanena liwu limodzi la Chinyanja limene ankalidziwa bwino: "Chabwino."

Pitala anatumiza uthenga kwawo kudzera mwa munthu wina wa pa Nselema amene anabwera kudzazonda m'bale wake. Kuyambira pamenepo, nthawi ya alendo ikakwana, maso ake ankakhala pakhomo. Ankalowa amayi osenza timiphika, abambo ovula zipewa, ana omangidwa kumsana. Chitenje chilichonse chofiirira chinkamudumphitsa mtima, poti Sabina anali nacho chotero. Khomo likatsekedwa, ankatembenukira kuwindo. Pawindopo pankaoneka chidutswa cha phiri basi, chamitengo yobiriwira, ndipo munthu wozolowera kuona madzi mpaka kumene maso alekezera ankamva ngati phirilo lamukhalira pachifuwa.

Mkazi wa Che Sidik anazindikira. Anayamba kubweretsa chinangwa chophika chochulukirapo, n'kumaika china pabedi la Pitala osalankhula. Koma chilonda cha nkhalambayo chinapola, ndipo tsiku lina inavala kofiya yake, nimugwira Pitala dzanja.

"Mulungu akuoneni, amwene. Mudzayenda."

Pabedi lija panabwera munthu wina amene sankalankhula ndi aliyense, ndipo sanakhalitse.

Atamasula mabandeji, ntchito ina inayamba. Bondo linali litauma ngati chikuni. Wadson ankaligwira ndi manja awiri n'kumalipinda pang'onopang'ono, Pitala ataluma chofunda, thukuta lili kamukamu. Linafika popindika theka, n'kukana kupitirira. Anamuphunzitsa kuyenda ndi ndodo ziwiri, poyamba phazi lili m'mwamba, kenaka likukhudza pansi. Mvula yoyamba itagwa, dokotala anajambulanso mwendo, naonetsa Pitala chithunzi. Kachitsulo kanaoneka koyera mbee, kogona m'mbali mwa fupa, misomali yake italowa mopingasa. Fupa linali lowongoka. Anamuuza kuti apite kwawo.

Lole inamusiya pa Nselema, ndipo munthu wina wachifundo anamukweza panjinga mpaka kumudzi. Sabina anali kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Atamuona, lichero linagwa.

"Bambo a Ida! Anatiuza kuti mwendo anadula, ndipo anakutengerani ku Blantyre!"

Anamufotokozera akulira kuti iye ndi Lyford ananyamuka ndithu, nafika mpaka pa Ntaja, kumene anamva nkhani ya ku Blantyre ija n'kubwerera, poti mzinda umenewo sankaudziwa poyambira. Pitala anamvetsera, nati palibe mlandu. Ida anabisala kuseri kwa mayi ake, koma dzuwa lisanalowe anali atayamba kuseweretsa ndodo zija.

Mudzi wonse unabwera kudzaona mwendo. Pitala ankapinda kabudula, kuonetsa chipsera chachitali, n'kulola anthu kukhudza pamene timitu ta misomali tinkamveka kunsi kwa khungu. Amayi ankakhudza n'kubweza dzanja msanga akuseka. Iye ankanyadira, poti m'dera lonselo panalibe wina woyenda ndi chitsulo m'thupi.

"Koma alamu, muzisamala," anatero Lyford mwanthabwala. "Mvula ikamabwera timabisa makasu ndi nkhwangwa. Nanga inu tizikubisani kuti?"

Anthu anaseka, Pitala nasekanso.

Patapita masabata angapo, masana ena kunja kunada mwadzidzidzi. Pitala anali pakhonde akusoka ukonde, Sabina ndi Ida ali m'nyumba. Kunang'anima koyera kochititsa khungu, ndipo nthawi yomweyo kunaphulika ngati dziko lang'ambika. Mgwalangwa umene unali kuseri kwa nyumba yawo unayaka kunsonga. Patsinde pake panali mbuzi ziwiri za apongozi ake, zomangirira. Zonse zinafera pomwepo.

Mvula itakata anthu anasonkhana, kuyang'ana mbuzi, kuyang'ana mtengo. Kenaka, mmodzimmodzi, anayang'ana mwendo wa Pitala. Nthabwala ija siinabwerezedwenso.

Mitambo itadzasonkhananso tsiku lina, Sabina anabereka Ida kumsana, ngakhale mwanayo anali woyenda yekha.

"Ndikukaona amayi," anatero, maso ali pansi. "Sanadzuke bwino."

"Mmawa ndawaona akulima."

Sabina anaima pakhomo. Mphepo inali itayamba kuulutsa udzu wa padenga.

"Bambo a Ida, musandiumirize kunena."

"Pita," anatero Pitala. "Mwana anganyowe."

Anakhala yekha m'nyumbamo, mwendo atautambasula pamphasa, akumvetsera mabingu akuyendayenda pamwamba pa nyanja. Anaika chikhatho pachipsera. Panali pozizira monga mwa masiku onse. Mvula itatha Sabina anabwerera, nakoleza moto, namufunsa ngati akufuna madzi osamba. Zinakhala choncho dzinja lonse. Kukacha bwino anali mwamuna wa pabanja pake. Kukachita mdima kummawa, nyumba inkatsala ndi iye yekha.

Atataya ndodo imodzi, kenaka inayo, anapita kudoko kukapeza Lyford akukonza miono.

"Alamu, mwendo walimba. Mawa ndilowa nawo m'madzi."

Lyford anapitiriza kumanga luzi kwa kanthawi. "Bondolo silipinda. M'bwato mukhala bwanji?"

"Ndiziima. Ndizikankha ndi nsungwi, inu muzivuula."

"Ndi pamenepo, alamu." Lyford anaika mono pansi. "Panyanja palibe mtengo, palibe nyumba. Chachitali ndi munthu woimirira m'bwato. Ine ndili ndi ana. Ndagwirizana kale ndi Hudson, mwana wa amayi aang'ono. Inu muzitisokera maukonde, gawo lanu muzilandira."

Sanamuchitire nkhanza. Gawo lake ankalandiradi. Ankakhala pansi pa mtengo wa mtondo ndi maukonde, akuona mabwato akulowa m'mabango mpaka atasanduka timadontho. Asodzi akabwerako ankamupatsa moni, kucheza naye pang'ono, koma kamtambo kakangodutsa aliyense ankakumbukira ntchito imene waisiya kunyumba. Kutchalitchi sankatha kugwada, ndiye ankakhala kumapeto kwa benchi, mwendo uli tantha m'kanjira. Mphunzitsi wa mpingo analalikirapo kuti mphenzi ili m'manja mwa Mulungu, osati m'mwendo wa munthu, anthu navomera kuti ameni. Sabata yotsatira kunagunda bingu mapemphero ali mkati, ndipo benchi ya Pitala inatsala ndi malo okwana anthu anayi.

Chilimwe chitafika, anabwerera ku Zomba. Anapeza Wadson akutsuka zitsulo zake m'beseni pakhonde la wodi.

"Achimwene a ku Chiuta! Taonani mmene mukuyendera! Tayendaninso ndione."

Pitala anayenda, natembenuka, kenaka ananena chimene anadzera. "Ndikufuna muchotse chitsulo chija."

"Chikupweteka? Patuluka mafinya?"

"Iyayi."

Anamufotokozera za mgwalangwa, za mbuzi, za bwato. Wadson anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Adokotala aja anabwerera kwawo ku Ulaya. Amene alipo pano sang'amba mwendo wabwinobwino. Ndipo ngakhale akanavomera, kutsegulanso pamenepo n'kuitana matenda amene munawapulumuka. Achimwene, mphenzi siidziwa zimene zili mkati mwa mnofu. Inagunda mgwalangwa chifukwa mgwalangwa ndi wautali. Kunkhondo anthu ambirimbiri anaikidwa zitsulo, sitinamve kuti atha ndi mphenzi."

"Mungabwere kwathu mukanene zimenezo?"

Wadson anamuyang'ana. "Ndikanabwera. Koma mukuganiza kuti angandimvere, ine amene ndinathandiza kuika chitsulocho?"

Pitala anathokoza, nauyamba ulendo wobwerera.

Mvula ina ili pafupi, apongozi ake anatuma Lyford kuti akalankhule naye. Sankamuthamangitsa, anatero Lyford. Ankangoganiza kuti amumangire kanyumba kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi dambo, kuti azikhalako miyezi ya mvula yokha. Chakudya azimutumizira.

"Musavutike ndi mitengo," anayankha Pitala. "Ndikaona achemwali anga ku Utale. Papita nthawi."

Madzulo ake, akumanga zovala m'kansalu, anauza Sabina kuti apite limodzi.

"Munda wa amayi ndiusiyira yani?" anatero Sabina. Kenaka anapitiriza ndi mawu otsika. "Ndikudziwa kuti mwina n'zabodza. Kukakhala kowala ndimadziuza kuti lero sindithawa. Koma mabingu akayamba, miyendo imanyamuka yokha. Ndimaona mbuzi zija, ndimaona Ida."

"Ndamva, mayi a Ida."

"Mudzabwera mvula ikatha?"

"Ndidzaona."

Ku Utale kunalibe nyanja. Kunali minda ya chimanga ndi thonje, milambe, ndi fumbi limene mvula inkalisandutsa matope omata. Martina anamulandira ndi misozi, ndipo atamva nkhani yonse anamugwira mkono.

"Achimwene, kuno musauze munthu. Muzivala buluku lalitali. Akafunsa, munagwa panjinga."

Mwamuna wa Martina, Hilary, ankagwira ntchito kumishoni, ndipo anamupezera ntchito yoyendetsa ngolo ya ng'ombe. Inali ntchito yokhala pansi, yoyenera bondo lake, ndipo inapezeka msanga chifukwa ena ankaikana: ngoloyo inkanyamula nkhuni ndi ufa kupita kumudzi wa odwala khate, umene masisitere ankausamalira chapatali ndi midzi ina.

Anthu a ku Utale anamulandira bwino, koma Pitala sanapeze mpumulo. Chinsinsi chija chinkamulemera kuposa chitsulo. Ndipo anazindikira chinthu china: mantha a ku Chiuta anali atamulowa iye mwini. Kukayamba kuda, ankayang'ana ana a Martina akusewera pakhonde, mtima n'kuyamba kugunda. Ankanamizira kukaona ng'ombe, n'kukaima yekha m'khola mpaka mabingu atapita. Kumene kunalibe womuthawa, anayamba kuthawa yekha.

Masana ena a mwezi wa Januwale anafika kumudzi wa odwala uja ndi nkhuni, mvula n'kumupeza asanamalize kutsitsa. Inali yamphepo, yang'anima zotsatizana. Anthu anathamangira m'makonde. Pitala anakokera ng'ombe pambali, naima pafupi ndi ngolo, madzi akumutsikira m'khosi.

"Inu a ngolo! Bwerani kuno!"

Woitanayo anali bambo wina wachikulire dzina lake Elliam, amene matenda anamudya zala zonse za m'manja. Anakhala pakhonde la nyumba yake pamodzi ndi amayi awiri.

"Ndili bwino konkuno!" anakuwa Pitala.

"Mukutiopa? Sitikukhudzani. Malo alipo kumapeto uku."

Mawu amenewo anamulasa. Anayandikira mpaka pamene madzi a padenga ankagwera, naima pomwepo.

"Sindikuopa inu, bambo. Ndikuopera inu. Ndili ndi chitsulo m'mwendo, anandiika kuchipatala. Kwathu amati chimaitana mphenzi."

Aka kanali koyamba kuzinena kwa munthu wina ku Utale, kupatula Martina. Anadikira kuti aone anthu akusuntha.

"Chitsulo? M'kati?" anatero Elliam. "Tabwerani tione."

Pitala anakwera pakhonde, napinda buluku lonyowalo. Elliam anawerama, nayendetsa chibakera chake chopanda zala pachipsera, n'kuseka.

"Ine sindimva kanthu ndi manja awa. Joanna, taonani inu."

Mayi amene anamutcha Joanna anayang'anitsitsa. "Anasoka bwino," anatero. "Ndiye mumayenda osamva ululu?"

"Kukazizira kumaŵaŵa pang'ono."

"Mwayi wanu," anatero mayiyo, napitiriza kusenda nandolo zake.

Kunang'anima, bingu n'kugunda chapafupi, mpaka ng'ombe zinadzidzimuka. Pitala anadzuka kuti atuluke.

"Khalani pansi, amwene," anatero Elliam. "Ife anthu anatithawa kalekale, ndiye tikudziwa mmene kumaŵaŵira kuima panja. Ikafuna kubwera ibwere, itipeza tikucheza."

Pitala anakhala. Elliam anamufunsa za ku Chiuta, ngati n'zoona kuti milamba ya kumeneko imakula ngati ntchafu ya munthu. Iye anayamba kufotokoza, poyamba mwachidule, kenaka ndi manja omwe, za miono, za mvuu, za zilumba za udzu zimene zimayenda ndi mphepo. Pamene ankamaliza, mvula inali itasanduka yamawawa.

Kuyambira tsiku limenelo, akatsitsa katundu sankafulumira kubwerera. Elliam ankakonda bawo koma sankatha kutola nkhomo, ndiye Pitala ankasewera mbali zonse ziwiri, Elliam akumuuza dzenje loti atole. Nthawi zambiri wopanda zalayo ndiye ankapambana.

Mvula itatha sanapite ku Chiuta. Anatumiza nsalu ndi mchere, ndi mawu akuti ntchito yamugwira. Chaka chinacho anachitanso chimodzimodzi.

Chilimwe chachitatu, Sabina anabwera yekha ndi Ida. Pitala anawapeza atakhala pakhonde la Martina pamene ankachokera kokamwetsa ng'ombe. Sabina anali ataonda pang'ono. Ida anali atatalika, mano akutsogolo atagweruka, ndipo anamupatsa moni wogwada ngati kwa mlendo.

Atadya, Martina anatenga ana kupita nawo kuchitsime, kuwasiya awiriwo.

"Dzinja lapitali mphenzi inagundanso kumudzi," anatero Sabina. "Inatentha nkhokwe ya Hudson."

"Ine ndili kuno."

"Inu muli kuno."

"Ndiye anthu akuti chiyani?"

"Akuti ndi za Mulungu."

Pitala anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Alipo ananena kuti kamuitaneni munthu uja, tinamulakwira?"

Sabina anayang'ana zikhatho zake. "Amalume andituma. Akuti mkazi sakhala chonchi, wokwatiwa koma wopanda mwamuna. Akuti ngati mukubwera, bwerani. Ngati simubwera, mundimasule."

"Amenewo ndi amalume. Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Bwerani chilimwe chino. Nyumba ndinaizira, denga tinafolera."

"Nanga dzinja?"

Sabina anatsegula pakamwa, natsekanso. Misozi inatsika, koma sananame, ndipo Pitala anamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Nkhunda zinkalira mumlambe.

"Ukawauze amalume kuti ndakumasula," anatero Pitala. "Hilary adzabwera kudzamaliza mwamwambo. Za kutchalitchi mudzafunse ansembe akadzafika kumeneko, ine sindizidziwa. Koma mwanayu azibwera kuno. Chaka chilichonse, mukakolola."

"Azibwera."

Mmawa mwake anawakweza pangolo kuwaperekeza kusiteshoni, kuti akakwere sitima ya ku Balaka. Ida anakhala kutsogolo pambali pake, ali phee, manja ali pamiyendo. Atayenda kamtunda, mwanayo anafunsa osamuyang'ana.

"Ng'ombezi zili ndi maina?"

"Yakudayi ndi Bulaki. Yamawangayo ndi Sitolo."

"Chifukwa chiyani Sitolo?"

"Imaima pasitolo iliyonse, ngakhale usaiuze."

Ida anaseka, nabisa pakamwa ndi dzanja chifukwa cha mano aja. Pitala anamupatsa chingwe kuti agwire, namuphunzitsa kuliza lilime kuti ng'ombe zifulumire. Atafika pasitolo ya Mmwenye pafupi ndi siteshoni, Sitolo inaimadi, mwanayo n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Sitima itabwera, Sabina anagwada pang'ono kutsanzika, nakwera. Ida anatulutsa mutu pawindo, akuyang'ana ng'ombe kuposa bambo ake. Pitala anaima mpaka utsi unathera kuseri kwa mitengo, kenaka anatembenuza ngolo.

Sabina anadzakwatiwa ndi munthu wina wa ku Nayuchi. Ida anabwera kawiri, chaka chachitatu anatumiza moni, ndipo atakula analowa m'banja lake. Pitala sanakwatirenso. Anamanga kanyumba pakati pa mishoni ndi mudzi wa odwala, nayendetsa ngolo zaka zambiri, ng'ombe zikukalamba n'kusinthidwa iye ali pomwepo. Mwendo uja sunamugwetse ngakhale tsiku limodzi. Unkangomukumbutsa m'miyezi yozizira, ndipo akatero ankauotcha ndi kansalu koviika m'madzi otentha, n'kupita kukamanga ng'ombe.

Elliam atamwalira, panasowa anthu amphamvu onyamula maliro, poti a m'mudzi mwake ambiri analibe zala ndipo akunja sanabwere. Pitala anafika ndi ngolo, nayala mphasa yatsopano, nauyendetsa mtembowo pang'onopang'ono mpaka kumanda, odwala akutsatira pambuyo ndi nyimbo. Atakwirira, Joanna anamupatsa bawo lija kuti atenge. Iye anakana, nati likhale pakhonde pomwepo, mwina wina adzafuna womutolera nkhomo.